Kuuzidwa, Kufunsidwa ndi Kugamula: Mbiri ya Mpando Wathu Pabwalo

Amayi anzathu a m'magulu onse, kuyambira ku Mchinji ndi Chipata, Dedza ndi Angonia, Tete ndi Harare mpaka inu amene muli ku Johannesburg, m'kabuku kano ena alemba za ndalama zimene tasunga, nyumba zamalata zimene tamanga ndi ana amene tawaphunzitsa. Ife tapatsidwa mbali ya mbiri. Tasankha kulondola funso limodzi limene lakhala likutitsata kuyambira nthawi ya agogo athu: pamene akuluakulu akugamula nkhani yokhudza msika, malire kapena ndalama zathu, mayi wa geni amakhala ali kuti?

Funsoli si lakale lokha ayi. Bungwe lathu lakula. Tsopano tili ndi komiti yaikulu, mabanki akutiitana, makampani a foni akufuna kuti ndalama zathu zichoke m'bokosi zilowe m'foni, ndipo pamveka maganizo oti nkhani zina azingogamula anthu ochepa kuti ntchito iziyenda msanga. Tisanavomere kapena kukana, ndi bwino tione kumene tachokera. Mbiri ikutisonyeza zinthu zitatu zimene anthu amakonda kuzisokoneza: kuuzidwa, kufunsidwa, ndi kukhala nawo pogamula. Patenga zaka zoposa 100 kuti tichoke pa choyambacho n'kuyandikira chachitatu, ndipo m'malo ambiri sitinafikebe.

Bokosi lisanabwere

Kusonkherana sikunabwere ndi mabungwe akunja. Ku Malawi amayi ankachita chipereganyu, ku Zambia chilimba, ku Mozambique xitique, ku Zimbabwe mukando, ku South Africa stokvel. Mayina ndi osiyana koma kachitidwe n'kamodzi: aliyense amaponya, mmodzi n'kutenga zonse, ulendo wina n'kutenga mnzake mpaka onse atakwanira. Ndalama zisanafale kunali dima, kulimirana minda, lero kwa uyu mawa kwa uyo, mwini munda atafulula mowa kapena thobwa.

M'magulu oterewa opanga lamulo ndi otsata lamulo anali anthu omwewo. Amene anasankha tsiku losonkha ndi amenenso ankasonkha. N'chifukwa chake lamulo silinkafuna wapolisi. Wolephera kuponya ankadziwa kuti walakwira anzake amene adzakumane nawo kuchitsime, kumaliro ndi kutchalitchi.

Pabwalo la mfumu nkhani inkayamba yazungulira. Ankhoswe ankalankhula, nduna zinkafunsa, ndipo mfumu inkalankhula pomalizira, kumanga mfundo pa zimene bwalo lamva. Tisakometse mopitirira: amayi ankakhala mbali yawo pamphasa, ndipo kawirikawiri mawu awo ankadzera mwa amalume kapena nkhoswe. Mkamwini ndi wobwera analibe mawu ambiri. Komabe aliyense ankadziwa kuti mfumu yogamula isanamve mbali zonse ndi mfumu yopasula mudzi, pakuti anthu ankatha kunyamuka n'kukamanga kwina.

Nthawi yotilankhulira ena

Mu 1907 boma la atsamunda ku Nyasaland linakhazikitsa khonsolo yopanga malamulo ku Zomba. Munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. Wolankhulira anthu akuda anali mmishonale wachizungu, ndipo woyamba anali Alexander Hetherwick wa ku mishoni ya Blantyre. Panapita zaka zoposa 40, mpaka 1949, kuti anthu akuda oyamba alowemo, nawonso ochita kulozedwa ndi bwanamkubwa. Mmishonale akhoza kukhala ndi mtima wabwino, koma sankagwira thangata pa esiteti ndipo sankathawira kuthengo amesenjala akabwera kudzafuna msonkho. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Zotsatira za kugamula osafunsa zinaoneka bwino pa nkhani ya malimidwe. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma linalamula kuti anthu asiye kulima pa matutu, azipanga mizere ndi milambala yopingasa pofuna kuteteza nthaka. Wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Chodabwitsa n'chakuti lero tonse timalima pa mizere ndipo palibe amene amatikakamiza. Maganizo ena anali abwino ndithu, koma anabwera ndi chikoti, kwa amayi amene ankagwira khasu koma sanafunsidwe kuti ntchito yoonjezerayo aigwira nthawi yanji. Anthu anadana ndi mizere chifukwa cha amene anaibweretsa. Mu 1953 Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, ndipo boma linaichotsa pampando.

Chaka chomwecho atsamunda analumikiza Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia m'chitaganya. Mafumu anachita kupita ku London kukakana, koma mawu awo sanaphule kanthu. Chitaganyacho chinangokhala zaka khumi, n'kugwa kumapeto a 1963.

Amayi a geni a nthawi imeneyo anakumana ndi zomwezo. Ku Durban khonsolo inadzitengera yokha bizinesi yofulula ndi kugulitsa mowa wachikuda, n'kuletsa amayi amene ankadyetsa ana awo ndi ntchito imeneyi. Mu 1959 amayi a ku Cato Manor analowa m'mabala a khonsolo n'kutaya mowawo pansi. Chaka chomwecho ku Nyasaland, Rose Chibambo, amene ankasonkhanitsa amayi kumbali ya Congress, anatsekeredwa m'ndende ali ndi khanda. Mu 1960 ku Lusaka, Julia Chikamoneka ndi anzake anavula malaya pamaso pa nduna ya ku Britain yoona za maiko a atsamunda. Amayiwa sanayambe ndi kuvula kapena kutaya mowa. Anafika pamenepo chifukwa panalibe khomo loti agogode. Munthu akamanidwa malo pabwalo amakalankhulira pamsewu.

Ufulu unabwera, mpando unachedwa

Malawi ndi Zambia analandira ufulu mu 1964, Mozambique mu 1975, Zimbabwe mu 1980. Mbendera zinasintha, koma chizolowezi chouza anthu m'malo mowafunsa sichinasinthe msanga. Ambiri a ife amene tinakulira ku Malawi timakumbukira makolo athu atazungulira wailesi kudikira mitengo ya mbewu. ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, inali ndi misika pafupi ndi midzi ndipo inathandiza m'njira zambiri, koma mlimi ankangomva mtengo wa mtedza wake utagamulidwa kale. Amayi ankaitanidwa mwaunyinji pa misonkhano ya chipani chimodzi, atavala nsalu zofanana. Anali ambiri pabwalo, koma linali bwalo lovinira.

Zinthu zinayamba kusuntha pang'onopang'ono. Mu 1980 kunabadwa MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO, kumene lamulo ndi lakuti membala mmodzi voti imodzi, kaya ali ndi masheya ambiri kapena ochepa. Ku South Africa, mu 1988, Andrew Lukhele anayambitsa bungwe lolankhulira ma stokvel m'dziko lonselo. Ku Malawi, Joyce Banda anayambitsa bungwe la amayi ochita bizinesi la NABW. Pa 14 June 1993 Amalawi anafunsidwa pa riferendamu ngati akufuna zipani zambiri, ndipo kwa amayi athu ambiri kameneka kanali koyamba kuti boma liwafunse funso lenileni n'kumvera yankho lawo.

Mu 1998 Malawi anakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono. Papepala zinali zokoma: makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera, a VDC ndi ADC, azinyamula zofuna za anthu kupita nazo ku khonsolo, kumene kuli makhansala osankhidwa. Makhansala anasankhidwadi mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 mipando inakhala yopanda anthu mpaka chisankho cha 2014. Zaka zonsezo chiphaso cha pamsika tinkadula tsiku ndi tsiku, koma woti tim'funse kuti ndalamazo zikupita kuti, poti zimbudzi zadzaza ndipo mpopi wauma, panalibe.

M'zaka zomwezo munachitika zimene mavenda sadzaiwala. Mu May 2005 boma la Zimbabwe linayamba Murambatsvina, kugwetsa nyumba ndi mabenchi a malonda, ndipo nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, popezera ndalama, kapena zonse ziwiri. Mu 2006 ku Malawi kunabwera Dongosolo, yochotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda. Mu 2013 mzinda wa Johannesburg unathamangitsa ogulitsa m'misewu zikwizikwi, ena ali ndi zilolezo m'manja, mpaka khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linalamula kuti abwerere.

Palibe mayi wa geni amene amakonda kugulitsa pambali pa ngalande yonunkha. Ukhondo timaufuna tonse. Koma msika ukamangidwa kumene anthu sadutsa, kopanda mosungira katundu usiku, timabwerera kumsewu chifukwa tomato sadikira. Akanatifunsa poyamba, tikanawalozera pamene makasitomala amatsikira basi.

Zimene anachita ku Warwick

Kuti tisaoneke ngati tikungodandaula, tiyeni tione malo amodzi kumene anayesa njira ina. Amene munapitako ku Durban kukaoda katundu mukudziwa Warwick Junction, pamene pamakumana sitima, mabasi ndi mataxi. Pamadutsa anthu oposa 400,000 pa tsiku, ndipo ogulitsa alipo zikwi zingapo. Nthawi ya tsankho ogulitsawa ankangothamangitsidwa. Ulamuliro utasintha mu 1994, khonsolo inayamba ntchito yokonzanso malowa, ndipo chinthu choyamba chanzeru chimene inachita n'kuika ofesi ya ntchitoyo pakati pa ogulitsa eniake, m'nyumba yakale yosungiramo katundu. Wogulitsa sankafunika kukwera basi kapena kuvala bwino kuti akaonane ndi bwana. Ankangosiya benchi ndi mnzake n'kuwoloka msewu.

Chachiwiri, sanaitane ogulitsa onse pamsonkhano umodzi waukulu n'kunena kuti tawafunsa. Anakambirana ndi gulu lililonse palokha, chifukwa mavuto ndi osiyana. Ogulitsa mankhwala azitsamba, ambiri a iwo amayi ochokera kumidzi, ankagona m'mbali mwa msewu kulondera katundu wawo. Iwowa anawamangira msika pamwamba pa mlatho wa msewu umene unasiyidwa osamalizidwa. Amayi ophika mitu ya ng'ombe anali pa mkangano ndi a zaumoyo chifukwa mafuta ankatseka mipaipi ya madzi oipa. M'malo moletsa bizinesiyo, anakonza malo ophikira okhala ndi matebulo ndi potayira madzi. Ophika chimanga m'migolo, amene moto wawo unkawononga simenti ya m'mbali mwa msewu, anapatsidwa malo awoawo. Amayi ambiri kumeneko anali kale m'bungwe la SEWU, limene linayamba mu 1994, kotero khonsolo inkalankhula ndi anthu odziwa kale chimene akufuna.

Koma mvetserani mapeto ake. Mu 2009, mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010 ukuyandikira, khonsolo yomweyo inalengeza kuti pamalo pa Early Morning Market, msika wa zamasamba umene unayamba mu 1910, pamangidwa sitolo zikuluzikulu. Ulendo uno ogulitsa anangouzidwa. Anakana, anaguba, anapita kukhoti, ndipo mu 2011 khonsolo inasiya maganizowo. Anapambana chifukwa zaka zokambirana zija zinawasiya ali ndi makomiti, atsogoleri ndi chizolowezi cholankhula. Apa tikuphunzira ziwiri. Kufunsa anthu kumabala msika umene anthu amaugwiritsadi ntchito. Komanso mpando umene wapatsidwa chifukwa cha kukoma mtima kwa bwana amene alipo lero, bwana wa mawa akhoza kuuchotsa ngati sunalembedwe m'malamulo.

Bokosi la maloko atatu

Banki mkhonde imene timaidziwa lero inayambira kutali, ku Niger, m'chigawo cha Maradi, mu 1991. Bungwe la CARE, kudzera mwa mayi wa ku Norway dzina lake Moira Eknes, linagwira ntchito ndi amayi akumudzi amene anali kale ndi kasonkhedwe kawo konga chipereganyu. Magulu awo anawatcha Mata Masu Dubara m'Chihausa. Kusiyana kwake ndi ngongole za mabungwe ena kunali kwakuti ndalama sizinachokere kunja. Zinali za amayi eniake, choncho malamulonso anayenera kukhala awo.

Taonani mmene bokosi lathu linapangidwira, pakuti muli nzeru zimene timaziiwala chifukwa chozizolowera. Gulu limakhala la anthu osapitirira 30, kuti aliyense adziwike nkhope ndi khalidwe. Komiti ndi ya anthu asanu: wapampando, mlembi, wosunga bokosi ndi owerenga ndalama awiri. Makiyi atatu amakhala ndi anthu ena atatu amene sali m'komiti. Wosunga bokosi alibe kiyi, wosunga kiyi alibe bokosi. Bokosi limatsekulidwa pamaso pa onse, ndalama zimawerengedwa mokweza, ndipo pomaliza aliyense amamva kuti mwatsala zingati. Mtengo wa sheya, chiwongoladzanja, chindapusa cha wochedwa ndi ndalama ya thumba la zadzidzidzi, zonsezi amagwirizana ndi mamembala gulu likamayamba. Munthu amagula sheya imodzi mpaka zisanu pa msonkhano, kuti wolemera asameze gulu, ndipo sakongola kupitirira katatu pa zimene wasunga. Chaka chikatha timagawana, komiti imatula pansi udindo, n'kusankhanso.

Tikaika bokosi limeneli pambali pa khonsolo ya ku Zomba ya 1907, kusiyana kukuonekeratu. Uko wina ankatilankhulira. Kuno palibe chimene chingachitike ndi ndalama zathu ife tisanakhale pansi. Si kuti amayi a banki mkhonde ndi angelo. Magulu amene agwa timawadziwa, ndipo tikafufuza timapeza kuti kawirikawiri anagwa pamene mwambowu unatayidwa: makiyi onse anapezeka m'thumba la munthu mmodzi, ngongole inaperekedwa kunyumba usiku, kapena wapampando anakhala zaka ndi zaka chifukwa anthu ankachita manyazi kumusintha. Anthu ochepa akayamba kugamula okha, katapila amalowera pomwepo.

Pachipata cha malire

Kwa ife oyenda maulendo, bwalo lovuta kwambiri lakhala la pamalire. COMESA inakhazikitsidwa mu December 1994 pamsonkhano wa ku Lilongwe, likulu lake lili ku Lusaka, ndipo mu October 2000 maiko ena a m'bungweli anagwirizana zochotserana msonkho wa pachipata pa katundu wopangidwa m'maiko mwawo. Uthengawo unali wabwino, koma unali wa anthu a mathiraki. Kuti katundu akhululukidwe msonkho pankafunika chikalata chotsimikiza kumene wachokera, chimene chinkatengedwa kumaofesi a m'mizinda, ndiponso ejenti wolemba mapepala amene amafuna malipiro ake. Mayi wonyamula matumba awiri a nyemba sakanakwera basi kupita ku Blantyre kapena ku Lusaka kukafuna chidindo. Choncho ambiri ankadzera njira zamadulira, kumene ankakumana ndi akuba, olanda katundu ndi ofuna ziphuphu, ndipo ena anachitidwa zinthu zimene mpaka lero sazinena.

Mabungwe a amalonda odutsa malire, amene timawatcha ma CBTA, ndiwo anakhala akugogoda. Mu 2010 pamalire a Malawi ndi Zambia, komanso a Zambia ndi Zimbabwe, panayamba ndondomeko yofewetsa malonda ang'onoang'ono, imene tonse timangoti STR. Maiko awiri amagwirizana mndandanda wa katundu wololedwa, pepala lake ndi lalifupi lolembera pachipata pomwepo, ndipo pali desiki ya munthu wothandiza amalonda, amene kawirikawiri amachokera m'mabungwe a amalonda omwewo. Poyamba katundu sankayenera kupitirira madola 500 a ku America. Amalonda anadandaula kuti malirewo ndi otsika, ndipo anakwezedwa kufika pa 1,000, kenako 2,000.

Pachipata cha Mchinji ndi Mwami ndi pamenenso anayesera koyamba chikalata cha ufulu ndi udindo wa amalonda odutsa malire, mothandizidwa ndi World Bank. Zimene zili mmenemo ndi zimene amayi akhala akunena m'mabasi kwa zaka zambiri: wogwira ntchito avale baji yoonetsa dzina, mitengo ya misonkho ipachikidwe poonekera, ndalama iliyonse yolipidwa ikhale ndi lisiti, ndipo mayi azisechedwa ndi mayi mnzake. Nafenso tili ndi mbali yathu, yonena zoona za katundu amene tanyamula ndi kusapereka ziphuphu.

Zosowa zikadalipo. STR imachotsa msonkho wa pachipata wokha, misonkho ina monga VAT imalipidwabe. Mndandanda ndi wa katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'maiko mwathu muno, kotero kaunjika ndi katundu wa ku China salowamo. Mozambique ndi South Africa sali mu COMESA, choncho ndondomeko ya COMESA imeneyi sikhudza katundu wa kumeneko. Zipata zamakono zoti munthu aime kamodzi kokha zinatsegulidwa ku Chirundu mu 2009 ndi ku Mchinji ndi Mwami mu December 2022, ndipo m'makomiti a pazipata zina amalonda ali ndi mpando. Funso loti tizifunsa n'lakuti: pampandopo pakhala ndani? Ngati ndi bambo wa galimoto yake amene sanasenzepo mtolo wa zitenje pamutu, tabwereranso kwa mmishonale uja.

Tsopano bungwe ndife

Mbiri yonseyi taifotokoza ngati anthu oima panja pa ofesi. Koma lero bungwe lathu nalo lili ndi ofesi, chidindo ndi akaunti kubanki. Kwa mayi wa gulu la kumudzi, kutali ndi tawuni, komiti yaikulu ikhoza kuoneka chimodzimodzi khonsolo: anthu akutali amene amatumiza uthenga pa WhatsApp kuti kuyambira mwezi wamawa zinthu ziziyenda motere.

Ndipo nkhani zimene timagamula n'zolemera, chifukwa tili m'maiko a ndalama zosiyana. Anzathu a ku Zimbabwe anaona ndalama yawo ikusanduka mapepala mu 2008. A ku Zambia anasintha mabuku onse mu January 2013 pamene maziro atatu anachotsedwa pa kwacha. A ku Malawi anadzuka m'mawa wina mu November 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti. Amene anakongola kuti akaode ku Joni ndi amene anasunga kuti agule feteleza sanamve ululu wofanana. Malire atatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, woyenda maulendo analibiretu pogwira, pamene wogulitsa masamba pamsika wa kwawo ankapezabe kangachepe. Funso loti chiwongoladzanja chiime kapena chipitirire linalibe yankho limodzi lokwanira onse, ndipo magulu amene anadutsa bwino nyengo imeneyo ndi amene anakhala pansi n'kumvana okha, wokongola ndi wosunga akuyang'anana m'maso.

Kuchokera m'mbiriyi tikutola mfundo zingapo zoti tizigwire. Nkhani izifika kumagulu isanapse, pamene ikhoza kusinthidwa. Kuitana anthu kudzaombera m'manja chinthu chosainidwa kale ndi kuwauza, ngakhale patakhala fanta ndi ndalama ya thiransipoti. Msonkhano usaikidwe tsiku la msika kapena pamene theka la gulu lili m'basi ya ku Beitbridge. Pepala lililonse la banki liwerengedwe mokweza m'chilankhulo cha gululo, kaya ndi Chichewa, Chinyanja cha ku Lusaka, Chisena, Chishona kapena Chipwitikizi, ndipo woti sanamve afunse kawiri popanda kusekedwa. Nthumwi yopita kumsonkhano waukulu inyamule zimene gulu lagwirizana, ibwerere kudzanena zimene zagamulidwa, ndipo isakhale munthu yemweyo chaka ndi chaka, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Komiti ikakana maganizo a gulu, inene chifukwa chake. Anthu amapirira kukanidwa, koma akaona kuti mawu awo agwera m'chitsime, ulendo wina sabweranso.

Palinso anthu amene sali mamembala koma zochita zathu zimawakhudza: amuna athu, amene katundu wa m'nyumba amakhala wawonso ngongole ikavuta, mafumu, amene milandu ya osabweza imakathera kwa iwo, makomiti a m'misika, atsikana amene amatigulitsira pabenchi tikachoka, anyamata a kabaza amene amatiwolotsera katundu. Amenewa tiziwafunsa ndipo tiziwamvera, chifukwa amaona zimene ife sitiona. Koma voti ikhale ya amene ndalama zake zili m'bokosi. Mabanki ndi mabungwe otithandiza nawonso alandiridwe ngati alendo olemekezeka, apatsidwe mpando ndi madzi akumwa, koma kiyi ayi.

Amene akunena kuti kufunsa kumachedwetsa sakunama. Kumadya nthawi, mayunitsi ndi ndalama za basi, ndipo mwayi wina umatha kudutsa tikadakambirana. Nkhani za tsiku ndi tsiku, monga kulipira lendi ya ofesi kapena kuthandiza membala amene katundu wake wagwidwa pachipata, komiti izichita msanga n'kudzafotokoza pambuyo. Koma zinayi izi zisagamulidwe popanda magulu: kumene ndalama zikusungidwa, chiwongoladzanja, amene angalowe kapena kuchotsedwa, ndi pangano lililonse lomanga bungwe lonse kwa munthu wakunja. Zimenezi zilembedwe m'malamulo athu, kuti zisadalire kukoma mtima kwa atsogoleri amene tili nawo lero.

Nkhani ya foni ndiyo ikubwera poyamba. Foni ili ndi ubwino wake: bokosi limabedwa, ndipo kuyenda ndi ndalama m'chitenje kudutsa malire awiri n'kuika moyo pachiswe. Koma foni ilibe maloko atatu pokhapokha titawaikamo tokha. Kumadera ena magulu amagawa nambala yachinsinsi kwa anthu atatu, kuti pasapezeke wotulutsa ndalama yekha. Tifunse za zimenezi. Tifunse kuti kutumiza ndi kutapa kuzidya zingati, ndani azilandira uthenga ndalama zikatuluka, ndipo mayi wosadziwa kuwerenga adzatsimikiza bwanji kuti zimene zanenedwa ndi zimene zilimo.

Nkhaniyi ikafika pagulu lanu, musakhale kumbuyo n'kumadzadandaulira panjira pobwerera. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Agogo athu analankhulidwira ndi ena, amayi athu anaitanidwa kukavina, ife tili ndi mpando, pasibuku ndi dzanja loti tikweze. Bwerani ndi mafunso anu, ndipo mlembi awalembe onse.